Sikirini zopindika, fumbi ndi chinyezi cha ku Kapelula

Mwezi wa Juni ukafika, ku Kapelula kumanunkha fodya ndi ndalama. M'zigafa zambiri mumakhala mutatsala mikangala yokha, mabelo atapita ku Chinkhoma, ndipo pamalo ochitira malonda pamakhala piringupiringu wa njinga zamoto, ngolo ndi alimi amene angotapa kumene.

Pakhonde la sitolo ina pali katebulo. Pamwamba pake pali batire la sola, timasikuludiraiva, mswachi wakale wochotsera fumbi, tepi yachikasu, ndi mulu wa mafoni otsegulidwa kumsana. Mnyamata wokonza mafoni wawerama, diso lili pa ntchito.

Kutsogolo kwake kwaima bambo wachikulire, chipewa chili m'manja. Foni yawo inapulumuka m'thumba la malaya pamene ankakweza belo pa ngolo. Galasi silinasweke kwenikweni, langong'aluka pang'ono pakona. Koma pansi pa mng'aluwo panabadwa kadontho kakuda. Lolemba kanali kakang'ono. Pofika Lachitatu kanali kataphimba pamene pamaoneka nthawi. Lero theka la sikirini lada bii.

Funso lawo ndi limene okonza mafoni amalimva tsiku ndi tsiku: achimwene, kodi ikonzeka?

Mnyamatayo akuitembenuza foniyo, akuyang'ana m'mphepete mwake mokhota bwino, kenaka akupukusa mutu. Ikonzeka, koma pafunika sikirini yonse yatsopano, ndipo iyenera kuchokera ku Lilongwe. Mtengo wake ungathe kugula foni ina yotsikirapo.

Bambowo akuganiza kuti chawonongeka ndi galasi. Koma pansi pa galasi limene chala chimagwira palibe galasi lina.

Pali pulasitiki.

Foni m'dera la fodya

Kasungu ndi boma la fodya, ndipo dera la mfumu yaikulu Kapelula, kum'mawa kwa bomali, limadya za tsamba lomweli. Msika wa Chinkhoma ndi umodzi mwa misika inayi ya fodya m'dziko muno, pamodzi ndi wa Kanengo ku Lilongwe, wa Limbe ndi wa Mzuzu. Fodya amagulidwa m'madola a ku America, ndipo kwa zaka zambiri ndiye wakhala akubweretsa theka kapena kuposerapo la ndalama zakunja zimene Malawi amapeza.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 m'boma la Kasungu. M'dziko lonse, mabanja opitirira pang'ono theka anali ndi foni ya m'manja, pamene owunikira magetsi m'nyumba anali pafupifupi 11 pa 100 aliwonse. Foni inathamanga, magetsi anatsalira.

TNM inakhazikitsidwa mu 1995, ndipo Celtel, imene lero ndi Airtel, inabwera mu 1999. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba n'kutsatira mu 2013. Kuchokera pamenepo foni inasiya kukhala yongopatsirana moni. Mlimi amadziwira pafoni kuti ndalama za mabelo ake zalowa. Mlangizi wa kampani ya kontirakiti amamupeza pafoni. Mwana amene ali ku Joni amaonetsa nkhope ya mdzukulu pa WhatsApp, ndipo pobwera pa Khrisimasi amasiya foni yake yakale m'manja mwa bambo kapena mayi.

Njala ya moto wotchajira siinayambe lero. Ku Wimbe, m'boma lomweli, William Kamkwamba atamanga makina ake opukusidwa ndi mphepo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anthu oyandikana naye ankabwera kudzatchajitsa mafoni.

Mafoni a mabatani akadali ambiri kumudzi. Koma ndalama za fodya zikalowa, ambiri amafuna foni yaikulu yokhudza ndi chala, ndipo mayina amene amamveka kwambiri ndi Itel, Tecno ndi Infinix, onse a kampani imodzi ya Transsion ya ku Shenzhen m'dziko la China. Mu 2023 Itel inatulutsa S23+, foni ya mtengo wotsika yokhala ndi sikirini yokhota m'mbali. Sikirini yotero siingapangidwe pa galasi louma gwa. Luso limene zaka 10 m'mbuyomo linali la mafoni a anthu olemera okhaokha linali litafika pa mtengo wa mlimi wa mabelo ochepa.

Kuwala kochokera m'kadontho

Sikirini zambiri zotsika mtengo ndi za mtundu wa LCD. Kumbuyo kwake kuli nyale imene imayaka nthawi yonse sikirini ikatseguka, ndipo timadontho ta kutsogolo timangotsegula kapena kutseka njira ya kuwalako. Ngakhale pamalo pakuda, nyale ya kumbuyo imakhala ikudya batire.

Sikirini zokhota zija ndi za mtundu wina, wa OLED, umene ulibe nyale ya kumbuyo. Kadontho kalikonse kamadziwalira kokha magetsi akadutsamo. Pakafunika mtundu wakuda, kamangozima. Foni ya sikirini ya 1080 x 2400 ili ndi timadontho toposa 2.5 miliyoni, ndipo kalikonse kamapangidwa ndi tinyale tofiira, tobiriwira ndi tabuluu.

Zimene zimawalazo ndi mankhwala omangidwa pa kaboni, oyalidwa mopyapyala kwambiri pakati pa timizere tiwiri tonyamula magetsi. Anthu awiri a kampani ya Kodak ku Rochester m'dziko la America, Ching W. Tang ndi Steven Van Slyke, ndiwo anaonetsa mu 1987 kuti mankhwala otere angawale bwino ndi magetsi ochepa. Mu 1990 gulu la pa yunivesite ya Cambridge, mmene munali Jeremy Burroughes, Donal Bradley ndi Richard Friend, linapeza kuti mitundu ina ya pulasitiki nayo imawala. Patangopita zaka ziwiri, mu 1992, gulu la Alan Heeger ku California linayala kuwala kotere pa pepala la pulasitiki, n'kulipinda likadali chiyakire.

Heeger analandira mphoto ya Nobel mu 2000 pamodzi ndi Alan MacDiarmid ndi Hideki Shirakawa, chifukwa chotulukira pulasitiki yonyamula magetsi.

Komabe kuchoka mu labotale kufika m'sitolo kunatenga nthawi. Pioneer ya ku Japan inaika OLED pa wailesi za m'galimoto mu 1997. Sony inagulitsa TV ya OLED ya mainchesi 11 mu 2007. Zonsezi zinali pa galasi. Kuti pulasitiki ilowe m'malo mwa galasi m'fakitale, panadutsa zaka zoposa 20 kuchokera pa kuyesa kwa gulu la Heeger.

Chinachedwetsa ndi moto ndi madzi.

Pulasitiki yosaopa moto

Pansi pa kadontho kalikonse pamafunika tiswitchi tating'onoting'ono ta silicon, timene timalamula kuchuluka kwa magetsi olowa. Kupanga tiswitchi timeneti kumafuna kutentha kopitirira madigiri 400. Botolo la madzi akumwa limafota m'madzi owira a madigiri 100 okha. Pulasitiki wamba siingafike n'komwe pakhomo la ng'anjo yotere.

Yankho linapezeka mu polyimide, pulasitiki yachikasu chodera imene kampani ya DuPont inayamba kugulitsa m'zaka za m'ma 1960 pa dzina la Kapton. Inagwiritsidwa ntchito pa zombo za Apollo zopita ku mwezi. Okonza mafoni amaidziwa bwino ngakhale ambiri satchula dzina lake. Tepi yachikasu imene amamata pa bolodi kuti zipangizo zoyandikana zisapse akamawotcherera ndi ya mtundu womwewu.

Koma pepala lopyapyala silingayende lokha m'makina, limakwinyika ndi kutamuka. Choncho ntchito imayambabe ndi galasi. M'mafakitale ambiri a sikirini za mafoni, galasilo limakhala la mamilimita 1,500 m'lifupi ndi 1,850 m'litali. Pamwamba pake amathirapo polyimide ya madzimadzi, n'kuiyala mofanana paliponse, kenaka n'kuiumitsa m'ng'anjo mpaka itasanduka khungu lolimba.

Kupyapyala kwake kumayezedwa mu ma micron. Milimita imodzi ili ndi ma micron 1,000. Boma la Malawi litaletsa majumbo opyapyala mu 2015, linaika malire pa ma micron 60, ndipo khothi la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu Julaye 2019. Khungu la polyimide la sikirini limakhala la ma micron 10 mpaka 20. Jumbo yololedwa ndi lamulo ndi yochindikala katatu kapena kuposa.

Pa khungu limeneli amayalapo zotchinga, kenaka silicon. Kuwala kwa laser kumadutsa pa silicon ija mzere ndi mzere, kumaisungunula kwa kanthawi kochepetsetsa, ndipo ikamazizira imauma mwadongosolo lolola magetsi kuthamanga. Pamenepo amajambula ndi kusema tiswitchi mamiliyoni ambiri.

Zonsezi zimachitika m'zipinda zoyera kuposa chipinda cha opaleshoni. Ogwira ntchito amavala zophimba thupi lonse, maso okha ndiwo amaoneka. Kafumbi kamodzi kakagwera pamalo olakwika, sikirini yonse yatayika.

Kenaka imafika nthawi ya mankhwala owala. Galasi lija limalowa m'makina opopedwa mpweya wonse, litayang'ana pansi. Mankhwala amatenthedwa mpaka kusanduka nthunzi, nthunziyo n'kukwera kukamatirira pamwamba. Kuti ofiira apite pamalo a ofiira okha, pakati amaikapo chitsulo chopyapyala chobooledwa timabowo mamiliyoni. Chitsulocho ndi Invar, chosakaniza cha chitsulo ndi nickel chimene sichitamuka chikatentha, ndipo kampani yodziwika kwambiri pochiboola ndi Dai Nippon Printing ya ku Japan. Akatha ofiira amasintha chitsulo n'kuika obiriwira, kenaka abuluu.

Makina otchuka a ntchitoyi amapangidwa ndi Canon Tokki, m'chigawo cha Niigata ku Japan. Mzere umodzi wa makinawa umatalika pafupifupi mamita 100. Koma mankhwala onse owala amene umayala, akasanjikizana, safika ngakhale theka la micron imodzi.

Ntchito ikatha, pulasitiki iyenera kusiyana ndi galasi. Kukoka ndi manja kungang'ambe zonse. Amawalitsa laser ina kuchokera kumsana kwa galasi, ndipo kuwalako kumapsereza kagawo kochepetsetsa ka polyimide pamene yagwirana ndi galasi. Khungu limamasuka lonse, litanyamula tiswitchi ndi tinyale take. Amalimata pa pepala lina lolichirikiza, n'kulidula m'masikirini ambirimbiri.

Mdani wamkulu ndi chinyezi

Mlimi wa fodya wa bale amadziwa kuti tsamba louma siligwiridwa masana dzuwa lili paliwombo, chifukwa limatheteka m'manja. Amalawirira m'bandakucha, mpweya ukadali ndi mame, tsamba litafewa, ndiye amasankha ndi kumanga. Amadziwanso kuti chinyezi chikapyola muyezo, belo limachita nkhungu ndipo limabwezedwa pa okushoni. Fodya amafuna chinyezi chapakatikati. Sikirini ya OLED ndi tsamba limene liyenera kufewa ndi kupindika popanda chinyezi ngakhale pang'ono.

Mankhwala owala aja, pamodzi ndi kachitsulo ka magnesium ndi siliva kamene kamayalidwa pamwamba pawo, amawonongeka akangokumana ndi madzi kapena mpweya umene timapuma. Pamene chinyezi chalowa, tinyale timafa, ndipo imfayo imafalikira kwa toyandikana nato.

Ndilo dontho lakuda limene limakula usiku ndi usana.

Galasi sililola madzi kudutsa. Pulasitiki imalola, ngakhale maso saona. Muyezo umene akatswiri amafuna pa OLED ndi wakuti nthunzi ya madzi yodutsa pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi isapose gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu patsiku. Titayala chotchinga chotere pa munda wa hekitala yathunthu, pangatenge masiku pafupifupi asanu kuti madzi okwana dontho limodzi adutse. Pulasitiki ya botolo, ikakhala yopyapyala, imalola madzi ochuluka kuwirikiza miliyoni.

Njira imene inapambana ndi yosanjikiza. Pamwamba pa tinyale amayalapo silicon nitride, imene imatseka madzi koma imachita timing'alu ndi timabowo. Pamwamba pake amapoperapo pulasitiki yofewa ndi makina onga osindikizira, kuti ikwirire tifumbi ndi kusalaza zokwera ndi zotsika. Kenaka amabwerezanso silicon nitride. Chinyezi chikapeza kabowo pamwamba, chimasochera m'kati chisanapeze kabowo ka pansi.

Chotchinga chonsechi n'chopyapyala kuposa jumbo, ndipo kugwa kumodzi pa mwala kumatha kuching'amba pakona. M'chilimwe dontho limachedwa kukula. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, foni ili m'thumba la malaya onyowa ndi thukuta kumunda, limathamanga.

Kuchoka pa kukhota kufika pa kupinda

Mafoni oyamba a sikirini ya pulasitiki anatuluka mu 2013: Galaxy Round ya Samsung ndi G Flex ya LG, onse a ku South Korea. Anali okhota pang'ono chabe. Mu 2014 ndi 2015 Samsung inakhotetsa m'mphepete pa Galaxy Note Edge ndi Galaxy S6 Edge. Mu 2017 Apple inatulutsa iPhone X, imene kunja inkaoneka yowongoka, koma m'kati sikirini yake inali yopindidwira kumsana chakumunsi kuti zolumikizira zibisike ndipo chithunzi chifike m'mphepete.

Apa ndi pamene ambiri sazindikira. Mafoni ochuluka a sikirini ya pulasitiki sapindika m'manja mwa mwini wake. Anapindidwa kamodzi kufakitale, n'kumatidwa pansi pa galasi. Phindu lake ndi kupepuka, kupyapyala, ndi malo owonjezera a batire.

Foni yopinda ndi kutambasula inayamba kugulitsidwa chakumapeto kwa 2018, FlexPai ya kampani ya Royole ya ku Shenzhen. Kampaniyo inagwa mu 2024. Samsung nayo inapunthwa poyamba. Mu Epulo 2019, Galaxy Fold zimene inapereka kwa atolankhani zinayamba kufa m'masiku ochepa. Ena anamatula pepala lapamwamba poganiza kuti ndi lotayidwa, pamene linali gawo la sikirini. Kwa ena, tizinyalala tinalowera pa hinji n'kutukumula sikirini kuchokera pansi. Kugulitsa kunaimitsidwa mpaka Seputembala, ndipo mtengo ku America unali madola 1,980.

Chinthu chikapindidwa, kunja kwake kumakokeka ndipo m'kati kumapanikizika. Pakatikati pali mzere umene sukokeka kapena kupanikizika. Akatswiri amasanja zigawo za sikirini kuti tinyale ndi tiswitchi tikhale pafupi ndi mzere umenewo, ndipo pakati pa zigawozo amaikapo zomatira zofewa zolola kuti zitsetserekane. Samsung imanena kuti mafoni ake oyambirira anayesedwa powapinda maulendo 200,000.

Mu 2020 Galaxy Z Flip inabwera ndi galasi lapamwamba la ma micron 30, lopyapyala mpaka kupindika. Mu Febuluwale 2023, pa chionetsero cha mafoni cha ku Barcelona, Tecno inaonetsa Phantom V Fold. Mu Seputembala 2024 Huawei inatulutsa Mate XT, yopindika pawiri n'kukhala zigawo zitatu.

Kwa munthu wa ku Kapelula, funso lalikulu ndi fumbi. Galaxy Z Fold3 ya 2021 inali ndi chizindikiro cha IPX8, kutanthauza kuti inayesedwa m'madzi koma osati m'fumbi. Z Fold6 ya 2024 inafika pa IP48, kumene ndi kutchinga tinthu toposa milimita imodzi. Fumbi limene njinga yamoto imautsa pa msewu wa dothi mu Okutobala ndi losalala kuposa pamenepo kutalitali. Ndi mu 2025 pamene Google inatulutsa foni yopinda ya chizindikiro cha IP68, chotchinga fumbi lonse.

Amene amapanga, ndi chimene Africa amapereka

Mafakitale a sikirinizi ndi owerengeka. Samsung Display ili ku Asan, LG Display ku Paju ndi Gumi, konseko ku South Korea. Ku China, BOE inayamba kupanga zambiri ku Chengdu mu 2017, ndipo kuli ena monga Visionox, Tianma ndi TCL CSOT. Fakitale imodzi imadya madola mabiliyoni angapo isanatulutse sikirini yoyamba.

Ngakhale mayiko amenewa amadalirana. Mu Julaye 2019, pa mkangano wa ndale, Japan inakhwimitsa malamulo otumizira ku South Korea zipangizo zitatu za m'mafakitale a zamagetsi. Chimodzi mwa izo chinali mtundu wina wa polyimide.

Mu Africa mulibe fakitale yopanga sikirini za OLED. Alipo olumikiza mafoni: Transsion inatsegula fakitale ku Ethiopia mu 2011, ndipo Mara Phones inatsegula yake ku Kigali mu 2019. Sikirini zokha zimachokera ku Asia.

Komabe m'kuwala kwa sikirini muli nthaka ya kum'mwera kwa Africa. Mu 1998 Stephen Forrest ndi Mark Thompson, pamodzi ndi anzawo ku America, anaonetsa kuti kuika chitsulo cholemera pakati pa mankhwala owala kumachulukitsa kuwala kochokera m'magetsi omwewo. Lero tinyale tofiira ndi tobiriwira ta mafoni ambiri tili ndi iridium, chimodzi mwa zitsulo zosowa kwambiri padziko. Dziko lonse silikumba matani 10 pachaka, ndipo yochuluka imachokera m'migodi ya platinum ya ku South Africa, monga ya kufupi ndi Rustenburg. Ina imachokera ku Great Dyke m'dziko la Zimbabwe. Awa ndi mayiko amene Amalawi akhala akupitako kukagwira ntchito kuyambira nthawi ya Wenela ndi ya Mthandizi.

Chitsulocho chimachoka ku Africa chitangoyengedwa, n'kubwerera chili m'foni.

Tinyale tabuluu ndi timene takhala tikuvuta. Timatha msanga kuposa tinzake, n'chifukwa chake foni yakale ya OLED imayamba kuoneka yachikasu, kapena kusunga mthunzi wa chithunzi chimene chinakhalitsa malo amodzi. Kutentha kumafulumizitsa kukalambaku. Foni yosiyidwa padzuwa pafupi ndi sola ikamatchajidwa imalandira kutentha kuwiri nthawi imodzi.

Pa tebulo la wokonza

Sikirini ya LCD yakale inali ndi zigawo zimene wokonza ankatha kuzilekanitsa. Ya OLED yokhota imabwera yomatidwa pamodzi: galasi, gawo lomva chala, tinyale ndi kawaya kake. M'mizinda muli ena amene ali ndi makina ochotsera galasi lokha n'kumata lina, koma dzanja likaterereka pang'ono chotchinga chinyezi chimabooka. Kumudzi njira ndi imodzi, kusintha zonse.

Zosinthira zimachokera kumisika ya ku Shenzhen, n'kudutsa m'manja mwa amalonda a ku Dubai, Dar es Salaam kapena Johannesburg zisanafike m'mashopu a ku Lilongwe. Paliponse zimalipiridwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya sikirini inakwera nayo limodzi.

Pamsika wa zosinthira pamapezeka mitundu itatu ya sikirini yolowa pa foni imodzi. Pali OLED yofewa ya pulasitiki, yofanana ndi imene inabwera ndi foni, ndipo ndiyo yodula. Pali OLED youma ya pa galasi, yotsikirapo mtengo koma yosachedwa kusweka. Ndiye pali LCD yopangidwa kuti ingokwana pamalopo, imene ambiri amangoitcha kope.

Kope imayaka, ndipo mwini foni amachoka akumwetulira. Zotsatira zimaoneka pambuyo. Batire limatha msanga, padzuwa zolemba sizioneka bwino, ndipo ngati foniyo inkatsegulidwa poika chala pa sikirini, njirayo imafa, chifukwa kachipangizo kowerenga chala kamafuna kuona kudzera mu OLED. Wokonza wachilungamo amanena zimenezi ndalama zisanasinthe manja.

Pa nkhani ya batire, OLED ili ndi mphatso kwa munthu amene amalipira kuti atchaje. Popeza kadontho kakuda ndi kozima, kusankha maonekedwe akuda pa foni kumapulumutsa moto. Kafukufuku wa yunivesite ya Purdue ku America mu 2021 anapeza kuti sikirini ikawala pang'ono, monga m'nyumba, phindu lake ndi la 3 mpaka 9 peresenti yokha. Koma ikawala mphamvu zonse, phindu limafika pa 39 mpaka 47 peresenti. Mlimi amene amawerenga uthenga ali pa nazale dzuwa likuswa mtengo amakweza kuwala mpaka pamapeto, ndipo ndiye amapindula kwambiri. Pa LCD maonekedwe akuda sapulumutsa kanthu kwenikweni.

Sikirini yakufa nayo ili ndi nkhani yake. Zigawo zake n'zomatana kwambiri moti kuzilekanitsa kuti zigwirenso ntchito n'kovuta ngakhale m'mayiko olemera. Kumudzi zimathera kudzala, ndipo dzala likadzaza limayatsidwa moto. Utsi wa pulasitiki ndi zomatira zake si woti ana aziupuma, ndipo batire lotupa likalowa m'moto limaphulika. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA loyang'anira zinyalala zoopsa, koma malo osonkhanitsira zinyalala za zamagetsi sanafike pa misika ya kumidzi.

Zimene zikubwera

Mafakitale akukulirakulira. Mu 2023 Samsung Display inalengeza kuti iika ndalama za ku Korea zokwana 4.1 thiriliyoni won pa mzere watsopano wa OLED ku Asan, ndipo BOE inalengeza 63 biliyoni yuan pa fakitale ina ku Chengdu. Cholinga chawo ndi ma laputopu ndi matabuleti. Mu 2024 Apple inaika OLED pa iPad Pro. Opanga akachuluka mitengo imatsika, ndipo sikirini zimene lero zili pa mafoni apakatikati zimatsikira ku otsika mtengo. Mafoni opinda amene akugulidwa panopa ku Johannesburg ndi ku Dubai adzalowa m'dziko muno ngati kaunjika, mahinji atatopa kale.

Adzawalandira ndi anyamata ndi atsikana a pa makonde a masitolo, ambiri mwa iwo ophunzira ntchitoyi poyang'ana mnzawo ndi pa YouTube. TEVETA, imene imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndi makoleji a luso a m'madera ali ndi mpata wophunzitsa kusiyanitsa LCD ndi OLED, kutentha koyenera pomatula sikirini, ndi kusunga zinyalala zake. MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo zimaphunzitsa uinjiniya umene ungathandize kuyesa zosinthira zolowa m'dziko. MACRA imavomereza mitundu ya zipangizo zolumikizirana, ndipo bungwe la CFTC limalandira madandaulo a ogula amene agulitsidwa kope pa mtengo wa yeniyeni.

Pakadali pano, wogula foni ku Kasungu boma kapena pa msika wa ku Kapelula angadziteteze ndi mafunso atatu asanalipire: sikirini ndi LCD kapena OLED, yosinthira yake imapezeka kuti, ndipo ndi ndalama zingati lero. Akagula, chikwama cha labala chotchinga makona ndi galasi lomata pamwamba zimadula pang'ono poyerekeza ndi sikirini yatsopano. Ndipo kadontho kakuda kakangooneka, chanzeru n'kusamutsa manambala, zithunzi ndi mauthenga a ndalama tsiku lomwelo, sikirini ikadawerengeka.